Kadzidzi wasiliva wa ku Athens: zaka zake amazidziwa bwanji?

Nachisale: Odi pa gulu pano. Loweruka ndinapita ku chionetsero cha ndalama zakale kuno ku Mangalande, ndabwerako ndi imene mukuiona pa chithunziyi. Mbali ina kuli mutu wa mzimayi wovala chisoti, mbali inayo kuli kadzidzi, kanthambi ndi zilembo zitatu. Wogulitsa analemba pa kapepala kuti Athens, 454 mpaka 404 BC. Ndaitembenuza uku ndi uku, nambala palibe ngakhale imodzi. Nanga zakazi wazitenga kuti? A Mbewe, ndithandizeni ndisanawauze bambo a kunyumba ndalama zimene ndalipira.

Yamikani: Achemwali, mbalame zonse zili pa dziko pano inu mwakasankha kadzidzi? Kumudzi akalira padenga anthu sagona tulo, inu mwachita kumugula ndi mapaundi n'kumulowetsa m'nyumba 😂

Nachisale: Uyu salira, a Yami. Ngati za pa kapepalazi zili zoona, wakhala duu zaka zoposa 2,400.

A Mbewe: Mayi, choyamba musaitsuke. Osati ndi sopo, osati ndi mankhwala otsukira mano, osati ndi phulusa ngati poto. Kuda kumene mukukuonako ndi mbali ya mtengo wake. Kenaka muiike pa sikelo ya magalamu ndipo mutijambulire m'mphepete mwake.

Nachisale: Ndaika pa kasikelo kamene ndimayezera mankhwala. Magalamu 17.14. M'mimba mwake mamilimita 24. Zithunzi ndi izo.

A Mbewe: Kulemerako kwandisangalatsa. Ndalama iyi imatchedwa tetradrachm, kutanthauza madrakima anayi, ndipo muyezo wa ku Athens unali pafupifupi magalamu 17.2. Mzimayiyo ndi Athena, mulungu wamkazi wa mzindawo, kadzidziyo ndi mbalame yake, kanthambiko n'ka azitona, ndipo zilembozo ndi chiyambi cha mawu oti "ya anthu a ku Athens". Kwa iwo, a Yamikani, kadzidzi sanali wa maliro, anali wa nzeru. Mpaka lero ali pa ndalama ya yuro imodzi ya dziko la Greece.

Tsono za zaka. Wosula ndalamayi sakanalemba 450 BC, chifukwa sankadziwa kuti kudzabadwa Yesu woti anthu adzawerengere zaka kuchokera pa iye. Anthu a ku Athens ankatchula chaka ndi dzina la mkulu amene akulamulira chaka chimenecho, ndipo pa akadzidzi akale awa sanalembepo ngakhale dzinalo. Ndiye timayamba ndi maonekedwe.

Taonani diso la Athena. Nkhope yaloza kumanja, koma diso analijambula lonse ngati akukupenyani inuyo, looneka ngati nthanga ya dzungu. Cha m'ma 393 BC kupita m'tsogolo anayamba kulijambula cham'mbali, monga limaonekera pa munthu weniweni. Yanuyi ndi ya diso lakale. Taonaninso masamba atatu a azitona pa chisoti, ndi kamwezi kumbuyo kwa kadzidzi. Akadzidzi oyambirira, a cha m'ma 510 BC, alibe zimenezi. Zinabwera nkhondo ya Aperezi ya 480 ndi 479 BC itatha. Chomaliza ndi mchira. Pa ndalama za pakati pa nkhondoyo ndi zaka za m'ma 450, nthenga za mchira zimaoneka zitatu zosiyana. Pa yanu zalumikizana, zangokhala ngati chikhomo chimodzi. Amenewo ndi akadzidzi amene anasulidwa miyandamiyanda Athens ali pachimake pa mphamvu zake.

Nachisale: Ndamva. Koma chifukwa chiyani 454 yeniyeni, osati 455 kapena 450?

A Mbewe: Apo mwagwira pofunika. Zaka ziwirizo ndi za mbiri ya mzinda, si za ndalama yanuyo. Mu 454 BC chuma cha mgwirizano wa mizinda ya Agiriki chinasamutsidwa kuchoka pa chilumba cha Delos kupita ku Athens, ndipo mu 404 BC Athens anagonja kwa Sparta. Akatswiri anangokhoma zikhomo ziwirizo n'kunena kuti mtundu uwu uli pakati apa. Munthu akakuuzani kuti yanuyo ndi ya 431 BC ndendende, akukunamizani. Ndipotu kumapetoko sankasula zambiri. Mu 413 BC asilikali a Sparta anakhazikika ku Decelea, pafupi ndi Athens, akapolo oposa 20,000 anathawa, ntchito ya ku migodi ya siliva ya Laurion inasokonekera. Pofika 407 BC mzindawo unasungunula mafano a golide kuti upange ndalama, kenaka unatulutsa zamkuwa zokutira siliva pamwamba.

Khumbo: Pepani ndilowerere, ine ndi wa sayansi ndiye makutu anga sakhuta msanga. Zonse mwanenazi ndi zoti ichi chinayamba, ichi chinatsatira. Chabwino. Koma anadziwa bwanji kuti masamba a azitona anabwera pambuyo pa 480? Analipo ndani?

Tadala: Funso limeneli ndi langa, a Khumbo, ndi zimene ndikuphunzira. Yankho lili m'mitsuko. Kalelo kunalibe mabanki oti aliyense n'kusungako, ndiye munthu akaona nkhondo kapena akamapita pa ulendo ankaika ndalama mu mtsuko n'kukwirira. Ena sanabwerenso. Tiyerekeze kuti mwafukula mtsuko wa agogo, muli mapeni obooka a nthawi ya Chitaganya, mashilingi a 1964, ndi tambala imodzi yonyezimira ya 1971. Mtsukowo sunakwiriridwe 1971 isanafike, ndipo popeza tambalayo sinaperepeseke, sunachedwenso kwambiri. Mukapezamo kandalama kena kopanda chaka, anzake aja amakaperekera umboni.

Ku Asyut, m'dziko la Egypt, mu 1969 anthu anapeza ndalama zasiliva za Agiriki pafupifupi 900 zochokera m'mizinda yambirimbiri. Martin Price ndi Nancy Waggoner ataziphunzira anapeza kuti zinakwiriridwa cha m'ma 475 BC. Munali akadzidzi ambiri, koma wa masamba pa chisoti munalibe. Ndiye kuti pa nthawiyo a masambawo anali asanafalikire.

Umboni wina ndi mizinda imene inaphwasulidwa pa chaka chodziwika. Sybaris anawonongedwa mu 510 BC, Himera wa ku Sicily mu 409 BC, Olynthus mu 348 BC ndi Philip, mfumu ya ku Macedonia, bambo ake a Alexander Wamkulu. Ndalama imene yapezeka pansi pa phulusa la Olynthus, m'nyumba imene sinamangidwenso, singakhale ya pambuyo pa 348.

A Mbewe: Ndiwonjezere za zidindo, chifukwa ine ndi zimene zimandikomera. Ndalamazi ankachita kuzimenya ndi nyundo imodziimodzi. Chidindo cha mutu chinkakhazikidwa pansi, kachibulumwa ka siliva pamwamba pake, chidindo cha kadzidzi m'manja, kenaka nyundo. Cham'manjacho, poti ndicho chinkalandira nyundo, chinkasweka msanga. Ndiye chidindo chimodzi chapansi chinkagwira ntchito ndi zam'manja ziwiri kapena zitatu, ndipo cham'manja chomalizacho chinkapitiriza ndi chapansi chatsopano. Munthu wodekha akasonkhanitsa zithunzi mazanamazana amatha kulumikiza zidindozo ngati unyolo. Ngakhale mng'alu umathandiza: pa ndalama iyi ndi kamzere kakang'ono, pa inayo wakula mpaka kufika pa mphuno, ndiye mwadziwa yoyamba ndi iti. Nthawi zinanso mzinda unkatenga ndalama ya mzinda wina n'kumenyapo chidindo chake, chithunzi chakale n'kumaonekerabe pansi. Yapansiyo ndiye yaikulu kubadwa.

Khumbo: Tsopano zayamba kumveka. Ndimafuna ndifunse za carbon dating koma ndadziyankha ndekha, imagwira pa zinthu zimene zinali ndi moyo, monga fupa kapena mtengo. Siliva ayi.

Tadala: Eya. Makina angakuuzeni kuti muli siliva wochuluka bwanji, ndipo mtovu wotsalira m'kati ungaloze ku migodi ya Laurion. Koma chaka sangakuuzeni.

Nachisale: Pali china chimene chikundidetsa nkhawa. Pa mutu wa kadzidziyu pali bala lakuya, ngati munthu anatema ndi tchizulo. Wogulitsa anati n'chifukwa chake wanditsitsira mtengo. Kodi ndagula yowonongeka?

A Mbewe: Anatemadi, koma anatema kalekale. Achinyengo analipo ngakhale nthawi imeneyo, ankakuta mkuwa ndi siliva wopyapyala. Wamalonda akakayika ankatema kuti aone m'kati. Ku Athens komweko lamulo la Nikophon la 375 BC linaika kapolo wa boma kuti azikhala pa msika pakati pa matebulo a osintha ndalama, ntchito yake kuyesa ndalama basi, ndi wina ku doko la Piraeus. Ikapezeka ya mkuwa m'kati ankaidula n'kuilanda. Mwala umene panalembedwa lamuloli unafukulidwa pa msika wakalewo mu 1970. Koma akadzidzi ambiri otemedwa ngati wanuyu amachokera ku Egypt ndi maiko a kum'mawa, kumene anthu ankaona ndalama ngati siliva wongoyeza pa sikelo, osasamala za chithunzi.

Osonkhanitsa ena amadana nalo balalo. Ine ndimalikonda. Limandiuza kuti ndalamayi inayenda, inadutsa m'manja mwa munthu wosakhulupirira mnzake.

Tadala: Koma muwauzenso mbali inayo, a Mbewe. Ku Egypt komweko ankasulanso akadzidzi awoawo motsanzira, ena a siliva wabwino ndi kulemera koyenera, ndipo anapitiriza ndi diso lakalelo m'zaka za m'ma 300 BC. Akatswiri akukanganabe kuti mwa akadzidzi opezeka kumeneko, a ku Athens enieni ndi angati. Ndiye mayiwa akhoza kukhala ndi ndalama yakaledi, koma yosulidwa m'mbali mwa Nile zaka makumi angapo pambuyo pa 404.

A Mbewe: N'zoona, sindikana. Pa chithunzi chokha sindingalumbire. Koma nkhope ndi kalembedwe ka zilembo sizikundipatsa chifukwa chokayikira.

Yamikani: Ine funso langa ndi limodzi. Nthawi imeneyo ikanagula chiyani? Mbuzi?

A Mbewe: Mmisiri amene ankamanga kachisi wa Erechtheion cha m'ma 408 BC ankalandira drakima imodzi pa tsiku. Ndiye achemwali anuwa agwira malipiro a masiku anayi a mmisiri.

Nachisale: Ine ndalipira oposa a masiku anayi, musafunse.

Khumbo: Mayi, poti sikelo muli nayo, tiyeni tiyese kuti m'kati monse ndi siliva. Ikani kapu ya madzi pa sikelo, muibweze pa ziro. Mangani ndalamayo ndi ulusi, muimize m'madzimo koma isakhudze pansi kapena m'mbali. Nambala imene ituluke mundiuze. Siliva weniweni amalemera kuposa madzi ka 10.5, mkuwa ka 9 osakwana. Ikakhala ya siliva muona pafupifupi 1.64, ikakhala ya mkuwa m'kati muona cha m'ma 1.9. Mukatha muipukute mosisita pang'ono ndi kansalu kofewa, iume bwino.

Nachisale: Dzanja limanjenjemera koma ndayesa katatu. 1.64, 1.65, 1.64.

Khumbo: 17.14 kugawa ndi 1.64 ikutipatsa 10.45. Ndi siliva ameneyo.

A Mbewe: Siliva inde, koma musavine kaye. Achinyengo a masiku ano amagwiritsanso siliva weniweni, mtengo wa chitsulocho ndi wochepa poyerekeza ndi zimene amapeza. Ine ndinapsapo nditangoyamba kumene. Ndinagula pa intaneti kamba, ndalama ya ku chilumba cha Aegina ya chithunzi cha kamba, wokongola zedi, mtengo wozizira. Atafika ndinaona kamsoko kozungulira m'mphepete ndi timaenje ting'onoting'ono ngati thovu la phala. Anachita kuthira mu chikombole ngati njerwa. Yomenyedwa ndi nyundo imakhala ndi ming'alu m'mphepete ndi timizere tosonyeza kuti chitsulo chinathawira kunja. Yanuyi ming'alu ndaiona, msoko sindinauone. Komabe ngati mungathe, pitani nayo kwa munthu wodziwa aigwire m'manja.

Kamba uja ndikadali naye, ndimamusunga kuti azindikumbutsa. Chinandipweteka n'choti ndinali nditaloweza kale nkhani yake yonse: kuti Aegina ankasula kamba wam'nyanja, kenaka cha pakati pa zaka za m'ma 400 BC, Athens atawagonjetsa, anasintha n'kuika fulu wakumtunda wa chigoba cha magawomagawo. Mbiri ndinaidziwa, chitsulo sindinachidziwe.

Abusa Chirwa: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndifunse a Mbewe: ndalama zasiliva makumi atatu zimene analandira Yudasi pa Mateyu 26:15, kodi ndi akadzidzi omwewa?

A Mbewe: Ayi abusa, pofika nthawi ya Yesu Athens anali atasiya kale kusula akadzidzi. Uthenga Wabwino sutchula mtundu wake, koma ambiri amaganiza kuti anali masekeli a ku Tyre, Turo wa m'Baibulo uja, chifukwa ndiwo ankalandiridwa pa msonkho wa Kachisi kaamba ka ubwino wa siliva wake. Amalemera pafupifupi magalamu 14, ali ndi mutu wa mulungu Melqart ndi chiwombankhanga, ndipo mawu ake ndi a Chigiriki. Ndipo mwachita bwino kufunsa, chifukwa amenewa chaka ali nacho. Turo anayamba kuwerenga zaka zake mu 126 BC atapeza ufulu, ndipo ankalemba nambala ndi zilembo. Chilembo Λ ndi 30, ndiye ndalama yotero ndi ya 97 kapena 96 BC. Zilembo ΡΝΘ ndi 159, imeneyo ndi AD 33 kapena 34, ndipo ogulitsa amaikweza mtengo pa chifukwa chimene inu abusa mukuchidziwa. Mafumu a banja la Seleucus nawonso ankalemba zaka, kuwerenga kuchokera 312 BC.

Abusa Chirwa: Ndiye kuti osintha ndalama amene Ambuye anawagubuduzira magome ankasintha ndalama zina kuti anthu apeze zimenezi. Zikomo, ndapezapo pothira mchere pa ulaliki.

Yamikani: Msuweni wanga ku Johannesburg ali ndi ya Alexander, amati nkhope yake yeniyeni, yosulidwa iye ali moyo.

A Mbewe: Mutu wovala chikopa cha mkangowo ndi wa Herakles, ngwazi ya m'nthano za Agiriki. Ndipo mizinda inapitiriza kusula ndalama za dzina la Alexander zaka zoposa 200 iye atamwalira mu 323 BC. Auzeni ayang'ane miyendo ya mulungu Zeus kumbuyo kwa ndalamayo. Ikakhala yogundizana, kawirikawiri ndi ya nthawi ya moyo wake. Wina ukapingasa kumbuyo kwa unzake, kawirikawiri ndi ya pambuyo. Ndati kawirikawiri, si lamulo.

Tadala: Ndipo ngakhale zolembedwa zambiri zimasocheretsa. Akadzidzi a mtundu watsopano, aja otambalala amene kadzidzi waima pa mtsuko, ali ndi maina a akuluakulu oyang'anira, ndiponso chilembo cha mwezi pa mtsukopo. Mwezi ulipo, chaka palibe! Margaret Thompson anawasanja bwino kwambiri mu 1961 n'kunena kuti anayamba mu 196 BC. Anzake ataunikanso anatsitsa mndandanda wonse ndi zaka zoposa 30, lero ambiri amati cha m'ma 164 BC. Chimodzi chowathandiza chinali ndalama yotchula Mfumu Mithradates ya ku Pontus ndi Aristion, wolamulira Athens pa nthawiyo, imene iyenera kukhala ya 87 kapena 86 BC, Sulla, mkulu wa asilikali a Roma, asanalande mzindawo.

Tsono ndinene chimene chikundiwawa, mundikhululukire mayi Nachisale, sindikunena inu. Zonse takambazi zaima pa kudziwa kuti ndalama inapezeka kuti, pamodzi ndi ziti. Munthu akafukula mtsuko usiku n'kumwaza ndalamazo kwa ogulitsa khumi, umboni uja watha. Za ku Asyut zomwezo zinamwazika pa msika, akatswiri anachita kuzilondola movutikira. Ku Elmalı m'dziko la Turkey mu 1984 anafukula pafupifupi 1,900, muli madekadrakima (ndalama za madrakima khumi) a ku Athens 14, zinatulutsidwa mozemba, ndipo zambiri zinabwezedwa mu 1999 pambuyo pa milandu. Aliyense wogula popanda kufunsa kumene yachokera akuthirira mchitidwe umenewu.

A Mbewe: Mwana wanga Tadala, pa za kufukula mozemba tili limodzi. Koma usatiike tonse mu dengu limodzi. Ndalama zambiri zakhala zikuyenda m'manja mwa osonkhanitsa kuyambira kale pangano la UNESCO la 1970, loletsa kuzembetsa zinthu zakale, lisanabwere, ndipo ntchito yambiri ya zidindo ija inagwiridwa ndi anthu amene anayamba ngati osonkhanitsa. Akadzidzi ngati uyu alipo ochuluka kwambiri moti nyumba zosungiramo zakale sizingawasunge onse. Ine lamulo langa ndi lakuti ndimafunsa mbiri yake, ndipo wogulitsa akayamba kuzungulira ndimabweza chikwama m'thumba.

Tadala: Inuyo mumafunsa, bambo. Angati amafunsa? Ndipo mawu oti "yachokera mu nkhokwe yakale ya ku Ulaya" aliyense angalembe.

A Mbewe: N'chifukwa chake ndimafuna pepala, osati mawu.

Nachisale: Mwandichititsa manyazi nonse awiri, ine sindinafunse kalikonse, ndinangoona maso a kadzidzi. Ndamulembera uthenga wogulitsa uja.

Nachisale: Wayankha m'mawa uno. Akuti anaigula pamodzi ndi zina kwa banja la mkulu wina amene anamwalira, ndipo wapeza kaenvelopu kake kakale. Wanditumizira chithunzi. Palembedwa ndi inki pa manja: Athens, kenaka 264.5 grs, kenaka £18 10s. Chaka palibe apanso!

Tadala: Koma pali mashilingi. Britain anasiya kuwerenga mapaundi ndi mashilingi mu February 1971. Mwaona? Mtsuko wa agogo uja.

Khumbo: Ndipo grs si magalamu, ndi ma grain, muyezo wakale wa Angerezi. Imodzi ndi magalamu 0.0648. Ndachulukitsa ndi 264.5, yandipatsa 17.14. Envelopuyo ndi ya ndalama yomweyi, kapena ya ina yolemera chimodzimodzi mpaka kadontho.

Tadala: Sizikutsimikiza kuti inatuluka m'dziko limene inapezeka pangano la 1970 lija lisanabwere, pakhoza kutsala miyezi ingapo pakatipo, ndipo sizikutiuza kumene inafukulidwa. Koma ndavomera, ndi zabwino kuposa mawu a pakamwa. Mumuuze akutumizireni envelopu yeniyeniyo, osati chithunzi, ndipo muzisunga pamodzi.

A Mbewe: Mufunsenso dzina la mkuluyo, mwina anagula pa malonda a okushoni amene kabuku kake kali ndi chithunzi. Bala lija lingatithandize kuizindikira. Ndipo muichotse m'kathumba kapulasitiki kofewako, mapulasitiki ena amasiya zobiriwira pa chitsulo. Kaenvelopu ka pepala lopanda asidi n'kokwanira.

Yamikani: Zonsezi zili apo, bambo a kunyumba mwawauza?

Nachisale: Ndawauza kuti wina analipira mapaundi 18 ndi mashilingi 10. Sanafunse kuti liti.